Kasitampu Komata pa Chala

Ku Doha ndinapita ngati namwino, koma ntchito imene ndimaikumbukira kwambiri ndi yonyamula timapepala ndi kachitsulo kopanira. Ndinkasamalira bambo wina wachikulire wa ku Lebanoni, injiniya wopuma pa ntchito, amene ankakhala kwa mwana wawo ku Onaiza. Shuga anali atawadya maso, ndipo adokotala ananena mosapsatira mawu kuti kuwala kotsalako sikufika chaka chamawa.

Tsiku loyamba, nditawayeza shuga, anandiuza kuti nditsegule kabati. Munali mabuku akuluakulu odzaza ndi masitampu. Ine ndi phuma langali, ndinatambasula dzanja kuti nditole kamodzi.

"La! La! Chala ayi, sisitala!" anakuwa ngati ndagwira njoka.

Kunena zoona ndinapsa mtima. Dzanja lomwe limawabaya jakisoni, lero lasanduka lauve? Iwo anangondipatsa kopanira kaja, nandiuza kuti chiyambire unyamata wawo sanakhudzepo sitampu ndi chala, chifukwa thukuta limadzutsa guluu wa kumsana kwake.

Sanali masitampu a kupositi. Ndi amenewa sungatumize kalata ngakhale kwa neba. Ankawasindikiza kale kwambiri, ena zaka zoposa zana zapitazo, poitanira anthu ku zionetsero zikuluzikulu kumene mayiko ankabweretsa makina awo atsopano kudzanyadirana. Anthu ankawamata pa maenivelopu kuti uthenga uyende, monga timachitira ndi makadi a ukwati.

Nditaika galasi lokulitsa zinthu pa kasitampu koyamba, mkwiyo unathera pomwepo. Kapepala kosafika ngakhale bokosi la machesi, koma munali mzinda wathunthu! Nsanja yovala mababu mpaka kunsonga, sitima padoko, chibaluni m'mwamba, ndi mayi wamtali atakweza nyali. Pansi pake panali khwimbi la anthu, timitu ngati nthangala za bonongwe, aliyense ndi chipewa chake. Ndinachita kakasi. Kwa anthu amenewa magetsi anali chinthu choyendera ulendo wa panyanja kukaona. Ndinakumbukira mmene ifenso tinkaimira pakhomo pa golosale, kukamwa kuli yasa, chaka chimene babu loyamba linayaka kwathu.

Mnzanga amene ndinkakhala naye chipinda chimodzi ku Umm Ghuwailina, namwinonso, ankandiseka. "Wallah, ase, uli ndi mwayi. Ife ma shift akutimaliza ku ward, iwe uli busy kuonera zithunzi mu AC?" Ndinkangomusiya. Sakanamvetsa kuti ine ndinkachita kulakalaka kuti kuche.

Bambowo ankafuna chinthu chimodzi basi: kuona sitampu iliyonse komaliza mdima usanatseke. Tinkakhala pawindo masana, ine n'kunyamula, iwo n'kusuzumira, mphuno pafupifupi kugunda galasi. Miyezi itapita, kusuzumirako kunayamba kukanika, ndiye ndinkawafotokozera pakamwa. Tsiku lina nditatopa ndinangoti, "Apa pali mlatho, kumwamba kuli buluu." Anapukusa mutu. "Kobiriwira. Yang'ananso." Ndinayang'ana, ndipo kunalidi kobiriwira ngati tsamba la nthochi. Mizinda yonseyo inali itasamukira kale m'mutu mwawo.

Mmawa wina wa mu Ogasiti, nyengo ija mpweya wa ku Doha umakhala ngati nthunzi ya m'bafa, anandiuza kuti nditsegule makatani. Makatani anali otsegula kale, dzuwa lili phwee pankhope pawo. Posamva makatani akukokedwa, anadziwa zonse. Mabuku awiri anali asanatsegulidwe n'komwe.

Patapita kanthawi anati, "Ndipatse ka mayi wa nyali kaja."

Ndinakanyamula ndi kopanira n'kuyamba kufotokoza za nsanja.

"Khalas, basi, mwana wanga. Ika apa." Anatambasula chikhatho.

"Bambo, m'manja?"

"Nanga ndione ndi chiyani?"

Ndinakaika pachikhathopo. Anayendetsa chala pa timano ta m'mbali, pang'onopang'ono, kenako pankhope pa mayi uja, ngati munthu wopukuta mwana misozi. Atakatembenuza, thukuta linachita zomwe ankaopa moyo wawo wonse. Anakweza dzanja, kasitampu kali lende pansonga ya chala.

"Kamata?" anafunsa.

"Kamata, bambo."

Anaseka, misozi ikutsika. "Amene anapaka guluu ameneyu anafa kalekale. Koma taona, akugwirabe!"

Ine ndinali nditagwidwa ndi mantha osakanikirana ndi chidwi. Ndinasendeza kopanira kuti ndikachotse kasanaonongeke, koma anamva kuyenda kwanga, nabweza dzanja lawo pachifuwa. Tsiku limenelo shuga ndinawayeza pa dzanja linalo.