Mlamu Wanga Ankamva ndi Maso

Fakitale yoomba nsalu inatsekedwa m'dzinja la 2009, pa 27 Febuluwale. Mlamu wanga, mng'ono wa malemu amuna anga, anabwera kudzakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yanga. Anali ndi zaka 46, ndipo anali atagwira pa makina oombera kuyambira ali mnyamata. Chaka chimenecho ntchito zinkatha paliponse. Ngakhale ya ulonda ankailimbirana anthu a masatifiketi.

Masiku oyamba ndinkayesa mwano. Ndikamuitana atandifulatira, sankayankha. Tikayang'anizana, ankayankha bwinobwino. Tsiku lina ndinamuseka kuti, alamu, kodi makutu munabweza ku fakitale pamodzi ndi ovolosi? Sanaseke. Anandifotokozera kuti m'holo ya makina munalibe womva mnzake chifukwa cha phokoso. Onse ankalankhulana ndi manja komanso powerengana milomo, ngakhale miseche inkadutsa pamwamba pa makina popanda liwu. Sankadziwa kuti makutu ake anafa liti. Anazindikira makinawo atazima, ataona kuti anthu mumsewu akungoyasama.

Anandichonderera kuti ndisauze munthu. Koleji ya ntchito zamanja inali itatsegulira khomo ochotsedwa ntchito, ndipo iye anali atapeza malo m'kalasi ya zamagetsi. Ankaopa kuti akadziwa za makutuwo amubweza, ndipo pa msinkhu wake panalibe khomo lina.

Anayamba pa 4 Meyi. Mphunzitsi anali wa msinkhu wa mwana wake, ndipo ankalankhula atayang'ana bolodi. Mlamu ankabwera madzulo kope lili loyera, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira. Anamupulumutsa ndi mayi wina wa ku fakitale komweko, yemwe ankamutcha Wamtali. Mayiyu ankakhala chammbali n'kumabwereza ndi milomo chilichonse chomwe mphunzitsi wanena. Achinyamata a m'kalasi ankati madala aja ali pachibwenzi, taonani akutumizirana makisi. Awiriwo sanatsutse. Mlamu anati bola kutchedwa wachimasomaso kusiyana ndi gonthi.

Mayeso olemba a mu Ogasiti anakhoza. Koma pa 11 Sepitembala Wamtali anasiya sukulu. Mwana wake anadwala kutali, ndiye anapita kukalera zidzukulu. Sabata yotsatira kalasi inayamba kugwira mawaya enieni.

Pa 22 Sepitembala mlamu anaikidwa pa bokosi la maswichi, mtsikana wina akulumikiza mawaya kumapeto kwa chipinda. Mphunzitsi anakuwa ali kumbali kuti asayatse, uku akukweza dzanja. Mlamu anangoona dzanjalo. Ku fakitale, kapitawo akakweza dzanja ndiye kuti yatsa makina. Anayatsa. Mtsikana uja anaponyedwa pansi, chikhatho chitapsa. Mwamwayi anadzuka.

Ndinamupeza atakhala pa sitepe ya kachipinda kake, nsapato asanavule.

"Alamu, ndikanapha mwana wa eni," anatero.

Ndinamufunsa ngati amuchotsa. Anati ayi, mphunzitsi anangoyesa chibwana, anamukalipira, n'kumuuza kuti mawa abwere maso ali patsogolo. Chimenecho ndiye chinamuopsa kwambiri.

"Ndikanena, andichotsa. Ndikapanda kunena, andipatsanso swichi."

Inenso ndinkadziimba mlandu ndikaganiza kuti ndinkadziwa za makutuwo, ndipo mayi wa mtsikanayo sankadziwa.

M'mawa ankavala, kufika pageti ya koleji, n'kubwerera. Anasiya kuyatsa ngakhale babu la m'chipinda chake. Ndikamugwira paphewa kuti chakudya chapsa, ankadzidzimuka ngati wagwidwa akuba. Munthu wojintcha uja anayamba kukhwepa m'malaya.

Pa 2 Okutobala anandipempha kuti ndimuperekeze. Ndinaima pakhomo la kalasi. Iye analowa, anagwada pafupi ndi mtsikana wa bandeji uja, kenako anauza onse kuti samva, ndipo sanamvepo liwu la mphunzitsi chiyambire. Palibe anaseka. Mphunzitsi anamutengera panja n'kumuuza pang'onopang'ono kuti sangamuikenso pa magetsi. Anati apite kuchipatala akamuyeze, ndipo akadzapeza zothandizira kumva adzayesenso chaka china. Mlamu anagwedeza mutu, n'kubweza zida za sukulu, pulayala ndi tesita.

Kuchipatala anamuuza kuti khutu lamanzere linatheratu, lamanja latsala pang'ono. Mwana wake wamkazi, yemwe anakwatiwa mzinda wina, anamuitana kuti akakhale naye. Ananyamuka pabasi ya m'mawa, Loweruka pa 17 Okutobala 2009.