Dzina la aNaphiri pa chiliza

Lachiwiri lapitali kunyumba kwanga kunafika a Mbewe a ku Mavwere, bambo wachikulire amene ankakonza mathirakitala m'maesiteti a fodya. Ali mnyamata anakaphunzira ku Russia podzera ku Zambia, nthawi imene kuno kungotchula dziko limenelo kunali kudziputira mavuto. Anabwerako ndi mkazi.

Amati mlendo ndi mame, koma mayiwa anakhala nafe mpaka imvi. Analima mtedza, anapita kumaliro, anayimba kwaya. Dzina lawo linkativuta pakamwa, ndiye tinangowapatsa lathu, aNaphiri. Anamwalira chaka chatha, ndipo Loweruka linali tsiku lomanga chiliza.

A Mbewe ankafuna chinthu chimodzi: pachilizapo palembedwe dzina limene mkazi wawo anabadwa nalo, m'zilembo za kwawo. Mmisiri amalemba ndi msomali simenti isanaume, ndipo zilembo zachilendo sangazilembe popanda pepala loonera. A Mbewe eni ake manja amanjenjemera, sangathenso kugwira cholembera. Mwana wawo wamkazi amene ali kunja anatumiza dzinalo pa foni, iwo n'kupita nalo pa shopu yosindikiza mapepala pa Kamwendo. Chimene chinatuluka ndi timabokosi tisanu ndi tiwiri.

Mayi wa pashopupo akuti anayesa kawiri, kenako n'kunena kuti kompyuta yakana, angolemba kuti aNaphiri basi, poti ndi mmene aliyense ankawadziwira.

Zinandipsetsa mtima. Kompyuta yakana? Ndi apongozi kodi, kuti akakana nkhani yatha?

Ine si katswiri. Ndine mphunzitsi wokhala ndi laputopu yakale imene batire lake linafa kalekale. Koma ndinawauza a Mbewe kuti akhale pansi amwe tiyi, sachoka opanda pepala.

Vuto silinali lalikulu. Mayi uja amakonda fonti, kapena kuti mtundu wa zilembo, yamaluwamaluwa imene amalembera makadi a ukwati, ndipo fonti imeneyo ili ndi zilembo zathu zokha. Ikakumana ndi chilembo chimene ilibe, imaika kabokosi. Nditasintha n'kuika fonti wamba yolembera makalata, dzina linatulukira lonse: Надежда, lomwe amati Nadezhda. Akonzi a nyuzipepala, ngati apa patuluka timabokosi, nkhaniyi ndi yanunso.

A Mbewe anayang'ana, n'kupukusa mutu. Anati zilembozo n'zoona, koma n'zouma ngati za pa chikwangwani cha kuchipatala. Ankafuna zopendekeka, monga mmene malemu ankalembera pa mabuku awo a nyimbo.

Apa ndiye panali ntchito. Ndinaphunzira kuti zilembozi dzina lake ndi Cyrillic, ndipo ukalemba mawu amenewa pa intaneti umapeza mafonti aulere ambirimbiri. Netiweki inkadukaduka, foni ikungothamangira ya ku Zambia monga imachitira kuno kumalire. Ndinatsitsa imodzi, n'kuiika mu kompyuta, bambo aja anakana. Yachiwiri anati ikuoneka ngati ya mwana wa sukulu. Ataona yachitatu anaika chala pa sikilini.

"Ndi iyeyu," anatero.

Ndisabise, misozi inalengeza m'maso mwanga.

Panatsala msampha wina. Fonti imene ili mu kompyuta yanga mulibe mu ya pa Kamwendo, ndiye ndikanangotumiza choncho, zilembo zikanasinthanso. Ndinasunga dzinalo ngati PDF, failo imene zilembo zake sizisintha, zilembo zazikulu kudzaza pepala, n'kukwera kabaza limodzi ndi a Mbewe. Mayi uja ataona pepala likutuluka bwino anaseka mwamanyazi, n'kundipempha kuti ndimusonyeze. Ndinamusonyeza, ndipo sizinatenge nthawi. Kufunsa ndi kudziwa njira.

Koma taganizani, abale anga. Ndi kangati pamene mwaima pa windo la ofesi n'kuuzidwa kuti makina akana? A Ng'oma amachoka ali a Ngoma chifukwa kachizindikiro kaja sikakulowa. Dzina lalitali amalidula mchira kuti likwane m'bokosi. Ife timalandira, n'kuthokoza, n'kupita kunyumba ndi dzina lolumala. Nthawi zambiri makinawo sanakane kanthu. Wakana ndi munthu amene wakhala kuseri kwake, amene waona kuti kufufuza n'kotopetsa kuposa kukubwezani.

Ine ndatsimikiza mtima. Aliyense wondiuza kuti kompyuta yakana ndizimufunsa kuti wayesa chiyani, ndipo sindizichoka pa windo asanandiyankhe.

Loweruka ndinali ku Mavwere. Mmisiri anatsamiritsa pepala pa njerwa, n'kulemba chilembo chimodzichimodzi, akutuluka thukuta ngati ali pa mayeso. Amayi a kwaya anayandikira n'kumafunsana kuti pamenepo palembedwa chiyani. A Mbewe anawawerengera mokweza, ndipo amayiwo anabwereza mpaka lilime linazolowera. Ena mwa iwo anayimba ndi malemu zaka zonsezi osalidziwa dzinalo.

Anthu a m'mudzi analiphunzira masana amodzi. Nanga inu a pa windo, amene mumatidula mayina tili moyo, chikukulepheretsani n'chiyani?