Phanga Limene Ndinalirira ndi Malume

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene mayi anga anamwalira. Maliro atatha, malume anga a Yotamu ananditengera kwawo, m'tsinde mwa phiri lina ku Dedza. Kumeneko ndinalibe mnzanga. Ana awo akamasewera pabwalo, ine ndinkangokhala phee kuseri kwa nkhokwe, ndipo anthu anayamba kunena kuti mwanayu wasiya kulankhula.

Lamlungu lina masana malume anati, "Dzuka mphwanga, undiperekeze."

Tinakwera phiri, udzu wouma ukundibaya m'miyendo, mpaka tinafika paphanga lozizira lonunkha mileme. Pathanthwe panali zojambula zofiira, mizere yozungulira ndi timadontho.

"Anajambula ndani?" Ndinadabwa kumva mawu anga omwe.

"Akafula. Ankakhala kuno makolo athu asanafike."

"Nanga ali kuti?"

"Anapita."

Nditatambasula dzanja, anandigwira pamkono. "Usakhudze. Zikafufutika, eni ake sabweranso kudzajambula."

Kenako anakhala pansi, naphimba nkhope ndi chipewa, nayamba kulira. Ndinali ndisanaonepo mwamuna wamkulu akulira. "Mayi ako anali mlongo wanga yekhayo," anatero. "Kunyumba aliyense amayang'ana ine. Kuno kulibe wondiona." Ndinawatsamira, nanenso ndinalira. Potsika ndinawasimbira zambiri za mayi, iwo akungomvetsera.

Malumewo anamwalira nthawi ya Covid, ine nditakula, ndili kunja mumzinda wa Doha, ndikuyendetsa galimoto ya banja lina m'dera la Al Duhail. Ndege zinali zitaima. Maliro ndinawaonera pafoni m'chipinda chimene tinkagonamo madalaivala a mayiko osiyanasiyana, ndipo atatha ndinangopita kukatsuka galimoto, osalira.

Lokidauni itatha, abwana anati yalla, kutanthauza kuti tiyeni, ndiwapititse kuchipululu chakumpoto. Kumeneko kuli miyala yotchingidwa ndi mpanda, pomwe anthu akale anasemapo timaenje ndi mabwato, ndipo palibe akudziwa mayina awo. Banjalo linatsogola kukajambulitsa zithunzi. Ine ndinatsalira, ndinakhala pamchenga wotentha, mphepo ikulira m'makutu, masiki yanga mpaka kunyoweratu ndi misozi.

Lero ndikumvetsa chifukwa chake malo otere amawateteza. Ife otsala timafuna poti tikhaleko pafupi ndi anthu amene anapita, ngakhale asakhale a mtundu wathu.