Botolo la m'mabango

Galasi lokuzira zinthu lija linali ndi chogwirira chakuda chong'aluka, ndipo ukaliika pamwamba pa nyerere, nyerereyo inkatuluka mano ngati galu. Linabwera m'katoni kuchokera kutsidya kwa nyanja, kwa ana a sukulu ina amene tinkalemberana nawo makalata. Ndinali mu giredi faifi ku Chikwa, mwezi wa Okutobala, mchenga ukuwotcha mapazi ngakhale m'mawa.

Zonsezi anabwera nazo ndi madamu athu atsopano. Kale ankaphunzitsa ku Lusaka, pa sukulu ya ana ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo kaphunzitsidwe ka kumeneko sanakasiye m'mbuyo. Tsiku loyamba sanalembe kanthu pa bolodi. Anangokhala pa desiki n'kufunsa kuti, "Manje imwe, mufuna kudziwa chani?" Tinayang'anana. Chibadwire tinali tisanaonepo mphunzitsi akufunsa funso limene yankho lake sakulidziwa.

Temu imeneyo ife ndi anzathu akutsidya tinapangana kufufuza za madzi. Iwo anasankha mtsinje wa m'tauni mwawo, ife dziwe limene limatsala mtsinje wathu ukaphwa. Lolemba lililonse tinkatunga madzi m'kabotolo, n'kujambula zomwe taona ndi galasi. Masabata awiri oyamba munali piringupiringu: mbululu, tinkhono, tizilombo tamiyendo ngati ulusi. Lolemba lachitatu munalibe chogwedezeka. Madzi anali zii, ndi kafungo kolasa kukhosi.

Madamu anatumbuluka nkhope, koma yankho sanatiuze. "Asamwe munthu madzi aya. Pitani mukaone, mukafunse, mubwere ndi umboni."

Tinapita. Kuseri kwa nyumba zina tinapeza amphaka awiri atauma gwa, thovu kukamwa. Ku kiliniki anesi anati ana akhala akubwera akusanza sabata yonse, ndipo onsewo anali atadya nsomba za m'dziwemo. Kamtsikana ka aneba athu, kazaka zitatu, kanagona pa diripi masiku anayi maso atatembenuka. Nsombazo ifenso tinadya, pakuti amalume anabwera nazo beseni lodzaza, koma ine m'mimba munangopota usiku umodzi basi. Tsiku lachitatu la kufufuza, mnzanga wina anapeza botolo m'mabango m'mbali mwa dziwe. Linali la mankhwala opopera thonje, lopanda kanthu, ndi chingwe chobiriwira pakhosi.

Ndiyenera kunena za amalume. Atate atamwalira, iwo ndi amene anatisunga. Ankayamba kulima munda wa amayi, wawo pambuyo. Chaka chimenecho njovu zinali zitatidyera chimanga chili pafupi kukhwima, ndipo pofika Okutobala tinkadya kamodzi patsiku. Sindikuwaikira kumbuyo. Kamtsikana kaja kakanatha kufa. Ndikungonena zomwe mwana wazaka khumi ndi chimodzi sanaziike pa pepala lake la umboni.

Kumapeto kwa temu makolo anaitanidwa kudzamva zomwe tapeza. Kalasi inadzaza, ena anasuzumira m'mawindo. Amayi anakhala pansi ndi azimayi anzawo, amalume pa benchi yachiwiri, chipewa pa bondo. Madamu anasankha ine kuti ndilankhule, chifukwa mawu anga ankamveka. Ndinaonetsa zojambula zathu, ndinafotokoza za amphaka ndi za kiliniki, kenako ndinakweza botolo m'mwamba. Anthu anang'ung'udza.

Bambo wina kumbuyo anafunsa kuti, "Nanga botololo n'la ndani?"

Madamu sankadziwa kuti yankho lilipo. Ndinawaona akutsegula pakamwa, koma ine ndinali nditayamba kale.

"N'la amalume. Chingwe ichi ndinapota ndine ndi ulusi wa thumba, kuti azilipachika pa nkhokwe."

Ndinanena monyadira, ndikudikira kuti andiombere m'manja. M'malo mwake ndinangomva malata akuthetheka ndi dzuwa. Kenako amake a kamtsikana kaja anakuwa, kukuwa kumene ndinali nditakumvapo pamaliro pokha. Amalume anandiyang'ana, osati mwaukali, koma ngati munthu amene waponda msampha wotchera yekha. Anavala chipewa n'kutuluka, azibambo anayi akuwatsata.

M'mawa mwake apolisi anabwera kudzawatenga, kupita nawo ku boma ku Chama. Atawamasula sanabwererenso kwathu. Tinamva kuti ali ku Lundazi, akusenza katundu pa msika. Mvula itagwa, amayi analima okha.

Amayi sanandimenye. Mwina kukanakhala bwino akanatero. Ankandipatsa chakudya, ankandipesa tsitsi, koma maso awo ankadutsa pambali panga.

Lamlungu lotsatira kutengedwa kwa amalume, titaweruka ku tchalitchi, madamu anafika pakhomo pathu atavala chitenje, chinthu chimene sankavala. Amayi anawapatsa mpando, iwo anaukana n'kugwada pa dothi.

"Amama, wolakwa ndine. Ndikanayamba ndamufunsa mwanayu kumbali."

Amayi anati, "Dzukani, madamu. Mwana sananame. Mlongo wanga naye sanafune kuti tigone ndi njala. Manje ndikwiyire ndani?"

Onse awiri anayamba kulira. Ine ndinaima pa khomo ndi buku langa, momwe madamu analemba ndi cholembera chofiira kuti ndachita bwino kwambiri. Ndinawerenganso tsamba lonse mosamala, mzere ndi mzere, kufunafuna pamene ndinalakwitsa. Sindinapapeze.