Mabotolo a Bambo pa geti

Mwaswera bwanji nonse. Kuno ku Area 25 zinthu zaipa, ndipo wolakwa ndine.

Mukudziwa kuti chimwalirireni Amayi, Bambo amamwako pang'ono kuchipinda, chitseko chotseka. Iwo monga mkulu wa mpingo sangaoneke akugula mowa, ndiye ndimawaodera pa foni pamodzi ndi shuga ndi sopo, wa kabaza n'kubweretsa.

Lero ndinaiwala kuti mapemphero a mlaga achitikira kwathu. Njinga itangoima pa geti, kumbuyo kwake kunaimanso galimoto ya khonsolo. Akuti shopu imene ndimaoderako ili ndi laisensi yogulitsira mowa pamalo pokha, osati yoperekera m'makomo. Anatsegula katoni n'kundandalika mabotolo pansi kuti awajambule, anthu onse a mpingo akuonerera pakhonde. Nyimbo inathera pakati.

Wa khonsolo anafunsa kuti, "Katunduyu ndi wa ndani?" Abale anga, ine ndinali pomwepo, koma sindinavomere kuti ndinaoda ndine. Bambo anatuluka, buku la nyimbo lili m'manja, n'kuyankha kuti, "Ndi wanga. Wa kabazayu musamuvutitse, wangotumidwa."

Anthu anabalalika osamwa ndi tiyi yemwe. Panopa Bambo adzitsekera, sakuyankha ngakhale ndigogode. Ndikanangoti ndi wanga, bwenzi atanditcha chidakwa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Achimwene, Asisi, ndiuzeni Lamulungu lisanafike. Ndipite kwa abusa ndikaname kuti mowawo unali wanga? Kapena ndikatero ndiye kuti ndawasandutsanso Bambo abodza, pomwe iwo ananena zoona pamaso pa anthu?