Galimoto Yofunda Mabulangete

Mu tauni ya Ipswich muno a Clarrie Dunstan ndi munthu wodziwika, ngakhale ambiri dzina salidziwa. Amangoti bambo aja amafunditsa galimoto mabulangete. Anayendetsa basi mpaka tsitsi linatha m'mutu, ndipo atapuma anadzilemba okha ntchito ina yopanda malipiro: kuyang'ana kumwamba.

Galimotoyo ndi Valiant yoyera, yakalekale, imene anawasiyira malemu bambo awo. Galaja ali nayo, koma munadzaza makina otchetchera kapinga akufaakufa amene akuti adzawakonza akadzapeza mpata. Ndiye makina akufa amagona m'nyumba, galimoto yamoyo imagona panja.

Ikafika Novembala, mpweya ukayamba kumata pakhungu, a Clarrie saphonya zanyengo za Lamlungu madzulo pa kanema. Amakhala pampando atavula malaya, fani ikuwauzira pamimba. Mtsikana wa zanyengo akangoloza mapu, m'nyumba muja simuyankhulidwa. Ndi galu yemwe amasiya kudzikanda.

Chaka china panali nkhani. Mdzukulu wawo Tahlia amakwatiwa Loweruka, ndipo kuyambira ali kamwana ankanena kuti kutchalitchi adzapita pa galimoto ya agogo. A Clarrie anali atalonjeza kuti adzamufikitsa pa nthawi yake, galimoto ilibe ndi kachilema komwe.

Lamlungu loyamba sabata ya ukwatiyo, mtsikana wa zanyengo uja anangomwetulira n'kuwerenga sabata yonse ngati akuitanira anthu ku phwando. Kutentha, chinyontho, mabingu masana, mwina matalala. Lolemba mpaka Loweruka, nyimbo yake imodzimodzi.

"Mwamva?" anatero mayi Noelene, akazi awo. "Wati mwina."

"Mayi, matalala sabwera ndi kalata."

Lolemba masana mitambo inaunjikana kumadzulo. A Clarrie anatulutsa mabulangete onse, makushoni a sofa, kapeti ya pakhomo ndi matiresi a kuchipinda cha alendo, n'kumanga zonsezo pa galimoto ndi chingwe choyanikira zovala. Mabingu anagunda, mphezi zinang'anima, kenaka chimvula chonsecho chinalambalala n'kupita ku Brisbane. Kwa a Dunstan kunangowaza yokwanira kunyowetsa mabulangete.

Nyengo imeneyi chinthu chikanyowa sichiuma. Pofika pakati pa sabata zofunda zonse zinkanunkha nkhungu, moti galu atamubwezera bulangete lake anangolinunkhiza n'kukagona pa simenti. A Stavros, oyandikana nawo nyumba, ankatsamira mpanda masana aliwonse, botolo la mowa kumanja.

"Achimwene, odwalawo akupeza bwanji lero? Tibweretse supu?"

"Sekani, akulu. Yanuyo ikaphwanyika musadzabwere kudzalira kuno."

"Yangayi inaphwanyika kale. N'chifukwa chake ndimagona tulo."

Lachinayi mayi Noelene anawapeza amuna awo pakhomo la kuchipinda atasenza matiresi awo enieni ogonerapo.

"Bambo inu, matiresi amenewo akatuluka, inunso mukagona nawo komweko mpaka kalekale."

A Clarrie anaima n'kuganizira nkhaniyo kwa nthawi yotalikirapo kuposa mmene mwamuna wanzeru amayenera kuganizira. Kenaka anawabweza.

Loweruka kunacha kumwamba kuli mbee. Anaitsuka galimoto ija, kuipukuta mpaka munthu kumadziona mano, n'kuimanga maliboni oyera. Mayi Noelene anatsogola kutchalitchi ndi achibale. Masana a Clarrie anavala suti imene inawathina m'khwapa, thukuta lili kamukamu, n'kukamutenga Tahlia. Mkwatibwiyo anakhala kumbuyo, velo kumaso, maluwa pamiyendo.

Ali m'njira, kunja kunangoti zii. Mitambo ya kumadzulo inasanduka yobiriwira, ndipo mwana aliyense wobadwira kuno amadziwa tanthauzo lake. Wailesi inayamba kutchula madera amene mvula ya matalala ikulowera, ndipo loyamba kutchulidwa linali limene iwo anali.

Zikatero anthu athu sadikira kuuzidwa. Magalimoto anabalalika kufunafuna chilichonse chokhala ndi denga. Pansi pa mlatho panadzaza. Wina analowetsa mphuno ya galimoto yake pa shedi yodikirira basi. Kutsogolo kunali malo omwetsera mafuta, magalimoto atathithikana pansi pa denga lake, ndipo cha kumapeto, pafupi ndi popopera matayala, panali patatsala mpata umodzi wokwana Valiant ndendende.

Phazi la a Clarrie linachoka lokha pa moto. Talala loyamba linagwa padenga, kho! Iwo anamva ngati lagwa pa dazi pawo. Anayang'ana pagalasi. Tahlia anali atakweza velo.

"Agogo, ngati mukufuna kuima, imani. Jarrod adikira."

Jarrod anali mkwatiyo. A Clarrie anauyang'ananso mpata uja.

"Mwana iwe, moyo wanga wonse ndayendetsa basi, sindinafikitsepo munthu mochedwa."

Limeneli linali bodza limene Ipswich yonse ingachitire umboni, koma anaponda moto n'kudutsa.

Anagwa matalala tsiku limenelo, ena ngati mazira a nkhuku. Padenga pankamveka ngati anthu akukhoma malata. Galasi lakutsogolo linang'aluka kuchokera uku mpaka uko, nyali imodzi inasweka, maliboni anathothoka. A Clarrie anagwira chiwongolero ndi manja awiri, osatukwana ngakhale kamodzi, mwina chifukwa kumbuyo kunali mkwatibwi. Ankangopepesa malemu bambo awo chapansipansi, "Pepani bambo, pepani bambo."

Anafika pa tchalitchi mvula ikukata, nthawi isanakwane n'komwe. Anatsika, kumutsegulira Tahlia chitseko, osayang'ana galimotoyo. Panalibenso chifukwa. Dzanja lokha pogwira chitseko linamva timaenje tokhatokha.

Chimene anaona n'chakuti pabwalo la tchalitchi panalibe galimoto ina iliyonse. Pakhomo panaima mayi Noelene ndi amayi ena angapo, akudzikupiza ndi mapepala a nyimbo.

"Anthu ali kuti?" anafunsa a Clarrie.

"Apita kukabisa magalimoto."

"Nanga mkwati?"

"Ndi amene anayamba kuthamanga."

"Abusa?"

"Anatsekeredwa ndi galimoto ya mkwatiyo, ndiye amamuimbira huta kuti afulumire."

Tahlia anakhala pa benchi ya pakhonde, kuvula nsapato, n'kumuimbira foni Jarrod. Anamvetsera pang'ono, n'kufunsa kuti ali pati kwenikweni. Atadula anawayang'ana agogo ake, amene tsopano anali atalimba mtima n'kuyamba kuizungulira galimoto ija pang'onopang'ono ngati munthu woona nkhope pa maliro.

"Agogo."

"Ee, mwanawe."

"Akuti ali pomwetsera mafuta paja. Wapeza mpata wabwino pafupi ndi popopera matayala."