Vesiti ya Waya ya Agogo a Telala

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la mafuta a makina osokera losakanikirana ndi la nsalu yonyowa ikamasitidwa ndi nsimbi ya makala, pakhonde lathu ku Golomoti, makina akulira tchakatchaka kuyambira m'mawa, nkhuku zikulimbirana timaulusi togwa pansi poyesa nyongolotsi, mpunga wa ku Bwanje uli woyanika pamkeka pakati pa bwalo. Dzina lawo anali a Benedikito, koma dera lonse ankangoti a Telala.

Anali ndi khalidwe limodzi lotichititsa manyazi. Munthu akabwera atavala chatsopano, moni asanathe n'komwe, iwo agwira kale mpendero wa malaya ake. "Tatembenuzani, tione kuseri." Kunja kwa chovala sankakukhulupirira, ati kumeneko aliyense amakometsa, ulesi wa wosoka umabisala mkati. Anatembenuzapo jekete la mkwati pa tsiku la ukwati wake, mkwatibwi akudikira. Diresi langa la Ukalistia woyamba, limene azakhali anagula ku Mtakataka, analimasula misoko yonse n'kulisokanso ine ndikulira pambali.

Ndili sitandade faifi, agogo anayamba kukomoka. Amangoti ali pamakina, phazi likupalasa, kenako mutu gwa pansalu ya eni ake. Kuchipatala anati mtima wawo ukugunda mochedwa, nthawi zina umaima kaye. Amalume a Pio, mwana wawo woyamba amene ankagwira ntchito ku Joni, anabwera kudzawatenga. Patatha miyezi iwiri agogo anabwerako ali ndi kachotupa pansi pa phewa lamanzere, kokula ngati kabokosi ka machesi. Pansi pa khungu anawaikamo kamakina kokhala ndi batire lake, ndipo timawaya tiwiri tinkachoka pamenepo kukalowa mumtima, kuti kaziwudzutsa ukafuna kugona.

Ife tinkayesa abwera akuthokoza. Anabwera atakwiya.

"Taonani msokowu, aNangozo," anauza agogo aakazi, atavula malaya pamaso pa alendo odzawazonda. "Munthu wophunzira mpaka kuthothoka tsitsi, kusoka ngati akutseka thumba la chimanga!"

Koma chimene chinawasowetsa mtendere chinali batire. Madokotala a kumeneko anawauza kuti likhala zaka pafupifupi khumi.

"Zaka khumi? Wailesi yangayi imadya mabatire anayi, akuluakulu ngati zitsononkho, masabata awiri sakwana. Ndiye kaja, kochepa ngati batani la jekete, kakhale zaka khumi? Anangondinamiza kuti ndiwachokere pabedi."

Tinaseka tonse, koma iwo mantha awo anali enieni. Ankaona kuti tsiku lina batirelo lidzatha ali ku Golomoti, ku Joni kuli kutali, basi nkhani yathera pomwepo. Anasiya kukwera njinga. Anasiya kuseka mokweza. Ngakhale kutikalipira anachepetsa, ati akusunga moto.

Kwathu batire la wailesi silitayidwa likangotha. Timaliyanika padzuwa, pamwamba pa malata, ndipo madzulo limayankhulitsako wailesi mpaka nkhani zithe. Ndiye tsiku lina masana, mwezi wa Okutobala, agogo aakazi pochokera kudimba anapeza amuna awo atagona chagada pamkeka, chifuwa chili pamtunda, moyandikana ndi mpunga.

"Bambo a Pio, mpungawu ndayanika ndine. Nanga inu wakuyanikani ndani?"

"Tasunthani, mukunditchingira dzuwa. Ndikutchaja."

Amene analiona dzuwa la ku Golomoti mwezi umenewo akudziwa kuti ngakhale mbuzi zimabisala. Agogo podzuka pamkekapo ankamva chizungulire, n'kunena kuti, "Mwaona? Batire lafooka kale. Mawa ndiwonjezera ola lina." Patatha sabata, atada bii, anagamula kuti khungu likutchinga dzuwa. Moto uyenera kufika ndi waya.

Anaphwasula wailesi yakale yakufa n'kutulutsamo waya wa kopa, wowonda ngati tsitsi la kumchira kwa ng'ombe. Nzeru yawo inali yosoka vesiti yokhala ndi kathumba ka mabatire awiri m'chiuno, waya n'kukwera kukazungulira pachifuwa, pamwamba penipeni pa kachotupa kaja. Anayesa pamakina. Waya anaduka katatu, singano ziwiri zinathyoka, ndipo agogo anatukwana mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Panafunika kusoka pamanja, koma manja awo anali atayamba kunjenjemera. Ntchito inagwera ine.

"Usamukoke ngati ulusi, Sitela. Waya sakonda kukokedwa. Mugoneke pansalu, ulusi uzimudumpha pamwamba, uku ndi uku, uzimupanikiza."

Ndinamugoneka mowongoka bwinobwino. Agogo atavala n'kukoka mpweya, tinangomva kuti thu, waduka. Anakhala masana onse akukoka nsaluyo n'kuisiya, kukoka n'kuisiya. Kenako anandiitana.

"Nsalu imatamuka, waya satamuka. Umukhotetse ngati mmene njoka imadutsira pamchenga. Ndikapuma aziwongoka, asaduke."

Ndinasoka masiku anayi, zala zonse mabala okhaokha. Pomaliza tinalumikiza babu la tochi pakati pa wayayo kuti tione ngati moto ukudutsa. Linayaka. Ndinakuwa mpaka agalu a kwa aneba anayankha. Agogo anaitembenuza vesitiyo, n'kuyang'ana kuseri nthawi yaitali, akutsata msoko ndi chikhadabo. Anangoti, "Eya." Ndalandira masatifiketi angapo kuchokera nthawi imeneyo, koma palibe inandikoma ngati mawu amenewo.

"Tsopano chotsa babulo," anatero. "Likudya moto wa mtima wanga."

Ndinalichotsa n'kupotera pamodzi nsonga ziwiri za waya. Tonse awiri sitinkadziwa kuti babu lija ndi limene linkaletsa moto wonse kuthamanga nthawi imodzi n'kutenthetsa waya.

Lamulungu anavala vesiti mkati mwa shati, jekete pamwamba, mabatire atsopano ali m'thumba. Kutchalitchi chathu cha m'mudzi tsiku limenelo kunalibe wansembe, ndipo ulaliki wa akatekisiti unkatalika moti agogo anati ndiyo nthawi yabwino yotchajira. Ine ndinakhala mbali ya azimayi pamodzi ndi agogo aakazi, koma ndinkawaona bwino. Akatekisiti atangotsegula buku, agogo anapisa dzanja mkati mwa jekete n'kulowetsa mabatire. Posakhalitsa anamwetulira. Anandiyang'ana n'kuloza pachifuwa, kundiuza kuti pakufunda, moto ukulowa.

Kenako anayamba kusunthasuntha pabenchi. Abambo amene anakhala nawo pafupi ananunkhiza uku ndi uku, kudabwa kuti lubani wachokera kuti wansembe kulibe. Kautsi kanatuluka pakolala. Agogo anapirira chifukwa cha ulemu wa malowo, milomo ataluma, thukuta lili kamukamu, mpaka anaimirira pakati pa ulaliki n'kukuwa kuti, "Mayo ine!"

Agogo aakazi, munthu wodandaula maondo chaka chonse, anadumpha mabenchi awiri, n'kunyamula beseni la madzi odalitsa pakhomo, onse khuthu pachifuwa pa amuna awo.

"Dzuwa lakanika kukuwotchani, ndiye mwati mudzapsere m'nyumba ya Mulungu?"

Akatekisiti anatseka buku. Ulaliki sunatheko msanga chotero chiyambire.

Kuchipatala adokotala, bambo wachinyamata ndithu, anawamvetsera mtima n'kunena kuti kamakina kakugwira ntchito bwinobwino. Ataona mabala okhotakhota pachifuwa, ndiponso atamva za mkeka ndi babu, anaseka mpaka kupukuta misozi. Anafotokoza kuti batire limeneli silitchajidwa kuchokera kunja, ndipo asadzayesenso kuyandikizapo magetsi. Agogo sanaseke nawo. Anayankhula motsitsa, mawu amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Adokotala, ine chovala sindichikhulupirira ndisanachione kuseri. Ichi anandisokera mkati ine ndili mtulo. Nditembenuze bwanji?"

Masabata onse aja tinkawaseka, osadziwa kuti munthu akuyenda ndi chinthu chimene moyo wake wapachikika pomwepo, koma sangathe kuchiona.

Adokotala anasiya kuseka. Anawatumiza kukajambulitsa chifuwa pa makina aja oonera mafupa, ndipo chithunzi chitatuluka anawatengera panja, padzuwa. Agogo anavala magalasi, n'kuchigwira ndi manja awiri monga ankagwirira malaya a kasitomala. Nthiti zinkaoneka zonse, kabokosi kali apo, timawaya tiwiri tikutsika. Anatitsata ndi chala pang'onopang'ono. Chakufupi ndi mtima timawayato sitinali tokungika, tinapindika kaye tisanalowe.

"Sitela, taona apa. Dokotala wa ku Joni uja wasiya mpata. Wakhotetsa kuti ndikapuma asaduke." Anatsitsa chithunzicho. "Ameneyu ndi telala. Msoko wakunjawu ndiye anangosiyira wophunzira ntchito."

Sanadziyanikenso. Anabwerera panjinga, ndipo kutikalipira kunayambiranso ndi mawu onse. Anakhala zaka zina zisanu ndi ziwiri, n'kumwalira ndi chibayo, kamakina kaja kakugwirabe ntchito. Pamaliro, agogo aakazi ali mkati molira anandikokera pafupi n'kundinong'oneza kuti, "Apita ndi batire labwinobwino, wailesi ili zii m'nyumbamu." Tinaseka misozi ikutsika, anthu n'kumatiyang'ana.

Lero ndimagwira ntchito kutali ndi kwathu, m'labotale mmene timasoka njira za magetsi pa tinsalu tofewa toikidwa m'thupi la munthu, pamtima kapena pamtsempha, kuti tizipindika limodzi ndi mnofu m'malo moukhula. Ulusi wake ndi wachitsulo, wowonda kuposa tsitsi. Amasoka ndi makina, koma amaugoneka pansalu, ulusi wina n'kumaudumpha pamwamba, mokhotakhota. Tsiku limene ankatiphunzitsa zimenezi ndinachita kudziluma lilime kuti ndisaseke pamaso pa aphunzitsi.

Kansalu kalikonse kakatha, kompyuta imakayeza n'kuyatsa nyali yobiriwira, ndipo anzanga amayamba kulongedza. Ine ndimakatenga ndi kopanira, n'kukatembenuza pansi pa galasi lokulitsa zinthu, n'kutsata msoko wonse kuyambira poyambira mpaka pothera. Amandinena kuti ndimachedwetsa ntchito, ndipo sanama. Koma munthu amene adzavale kansalu kameneka adzamusokera ali mtulo, ndipo sadzatha kukatembenuza. Ndiye kuseriko ndimamuonera ine, ndipo sindikapereka ndisananene ndekha kuti, "Eya."